Mesenjala Amene Ankabwera Akuimba

Ngati munauzidwapo kuti “kuno si kwanu,” kokani mpando mumve za Zenas Pardee. Kwathu kuno kumapiri a Vermont ambiri amamukumbukira ngati jaji wa imvi, wolankhula motsitsa mawu, amene maloya ankakonza makolala akamuona akulowa m’khoti. Koma ine ndiyambira pamene anali katundu wapangolo.

Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene iye ndi mayi ake, a Keziah, anatsitsidwa pamalire a mudzi wa Tolbury. Woyendetsa ngoloyo sanatsike n’komwe. Anangokankhira mtolo wawo wa zovala pachipale chofewa, n’kutembenuza mahatchi, ulendo wa kwawo. Mudzi umene unawatumizawo sunali woyamba kuwataya chotero m’nyengo yozizira imeneyo, ndipo palibe amene ankayembekeza kuti ukhala womaliza.

Lamulo lathu la masiku amenewo linali lakuti mudzi uliwonse uzidyetsa amphawi ake okha. Wakwanu akadwala kapena akakalamba, mumunyamule. Koma wobwera, ayi. Akuluakulu atatu osankhidwa kuyendetsa mudzi akangomva kuti kwafika munthu wa nsapato zong’ambika, ankatuma mesenjala kukamuwerengera chenjezo pakhomo, loti achoke chifukwa kuno si kwawo. Akangowerengeredwa, zake zada: tsiku lililonse akanatha kukwezedwa pangolo n’kukatayidwa kutsidya kwa malire. Ndife anthu opemphera kwambiri ife, ndipo zimenezi tinkazichita nyimbo za Lamulungu zidakali pakamwa.

Bambo ake a Zenas anamenya nawo nkhondo yochotsa Angelezi, kenako anakhala wodula mitengo woyendayenda mpaka tsiku limene mtengo unawagwera. Sanakhazikike paliponse nthawi yokwanira kuti mudzi wina unene kuti ndi athu. Munthu anamenyera dziko lonse, koma mkazi wake ndi mwana wake analibe ngakhale pokhazika mphika.

Ali chiimire pamalire paja, atavala nsapato za malemu bambo ake zimene anaikamo udzu kuti zimukwane, Zenas anayang’ana msewu kumbuyo ndi kutsogolo.

“Amayi, kodi ife kwathu n’kuti?”

“Yenda, mwanawe,” anatero a Keziah. “Ukaima, uuma.”

Nyumba yomaliza ya Tolbury, pamwamba pa chitunda kutsidya kwa mlatho, inali ya a Hollister, ofufuta zikopa. Anthu anawakankhira kumeneko chifukwa cha fungo. Sindikuuzani kuti anali mngelo. Akazi awo anali chigonere, ndipo iwo ankafuna manja ophika ndi opala zikopa osawalipira zambiri. Koma anatsegula chitseko pamene ena onse ankasuzumira pazenera, anawapatsa kanyumba kakuseri ndi mbale ya nyemba zotentha. Zenas anazikumbukira nyemba zimenezo moyo wake wonse.

A Hollister omwewo ndiwo anawauza kuti lamulo lija linali ndi kabowo. Chenjezo linkayenera kuwerengedwa ndi mesenjala mwiniwake, maso ndi maso, mwini nkhani akumva, ndipo osati tsiku Lamulungu. Chaka chathunthu chikatha munthu asanawerengeredwe, ankasanduka mwini mudzi, iye ndi ana ake, ndipo panalibenso ngolo yomunyamula. Nkhani yonse inagona pamenepo: mayi mmodzi azembe munthu mmodzi kwa chaka chimodzi. Akapezeka, abwerera pamsewu, ndipo a Keziah ankadziwa kuti chifuwa chawo sichikanapirira nyengo ina yozizira ya pangolo.

Mesenjala ankasankhidwa pamsonkhano wa mwezi wa Malichi, ndipo chaka chimenecho udindowo unali utangogwera a Obed Sawtell, mlimi wamtali wa makutu aakulu, amene mudzi wonse unkadziwa kuti bodza silinatulukepo pakamwa pawo. Akuluakulu anakondwa nawo chifukwa cha chomwecho. Ankati munthu wotere sangawayende pansi.

Chipale chitasungunuka, misewu ili matope okhaokha, Zenas ankapala chikopa panja pamene anamva phokoso kuchokera kumlatho. Poyamba anayesa mwana wang’ombe wakodwa mumpanda. Atatchera khutu bwino anazindikira kuti inali nyimbo ya m’Masalimo. Anakwera pamulu wa makungwa ofufutira zikopa, ndipo anaona munthu wamtali akukwera chitunda mwapang’onopang’ono, ndodo yakuda ya umesenjala ili m’manja, kukamwa kuli yasa.

Mwana anathamanga mtima uli m’mwamba. A Keziah anasiya mtanda wa buledi patebulo, n’kutulukira khomo lakuseri kulowa m’nkhalango.

A Sawtell anafika, anagogoda ndi ndodo yawo, n’kufunsa ngati mayi Keziah Pardee analimo. Mkuluyo analowa. Anasuzumira pansi pa bedi. Anatsegula bokosi la zovala. Anavundukula ngakhale mphika wa nyemba, ngati munthu wamkulu angabisale mmenemo. Kuseri kwa nyumba, kumene mapazi a mayiyo anali oonekeratu pamatope, sanapiteko. Anapukusa mutu, anabwerera kumudzi, n’kukaima pamaso pa akuluakulu dzanja lili m’mwamba, kulumbira kuti anapita koma sanawapeze. Ndipo zinali zoona.

Zinapitirira choncho. Nthawi yomweta udzu, nthawi yothyola maapozi, nthawi yopha nkhumba, akuluakulu ankawatuma, iwo ankapita, ndipo nyimbo inkayambira pamlatho pomwe paja. Akale amati chakudza sichiimba ng’oma, koma tsoka la a Keziah linkabwera likuimba salimo. Lamulungu lokha ndilo mayiyo ankatsika chitunda poyera ndi mwana wawo, n’kukakhala pabenchi yakumbuyo m’tchalitchi, akuluakulu akuwayang’ana ndi diso lofiira, osatha kuwachita kanthu.

Tsiku loopsa linafika chisanu chitabwereranso. A Keziah anali chigonere ndi chifuwa, osatha ngakhale kutukula mutu, ndipo poti Lamulungu lapitalo sanaoneke kutchalitchi, mudzi wonse unadziwa. Mmodzi wa akuluakulu aja, amenenso anali dikoni, atatopa ndi “sindinawapeze,” anati ulendo uno aperekeza mesenjala yekha.

Nyimbo inayambika pamlatho monga mwa masiku onse. Zenas anathamangira kwa a Hollister akulira. Anawagoneka mayiyo pachikopa cha ng’ombe, ndipo nkhalamba ndi mwana anayamba kukoka pachipale kulowera kunyumba youmitsira zikopa. Katunduyo anawalemera. Ankati akakoka pang’ono, n’kugwa, n’kudzukanso. Koma nyimbo sinasunthe pamlatho. Inatha, n’kuyambiranso.

Zimene zinachitika pamlathopo anazifalitsa dikoni yemweyo, ndi mkwiyo.

“Tiyeni, a Sawtell. Mwaimiranji? Nanga phokosoli n’lachiyani?”

“Ndikutamanda Mulungu, a dikoni. Ndime zatsala. Kapena inuyo mukuti ndisiyire pakati?”

Dikoni sakanaletsa munthu kutamanda Mulungu. Anaima pomwepo, mano akugundana, mpaka Amen. Atafika pachitunda anapeza bedi likadali lofunda, mulibe munthu.

Inu mwaona kale chimene chinkachitika. Akuluakulu nawonso sanali ana, kungoti salimo sungaitengere munthu kukhoti. Koma Zenas sanaone. Kwa iye, mesenjala anali chitsiru chachitali chimene iye, ndi makutu ake akuthwa ndi miyendo yake, anachigonjetsa chaka chonse. Ndipo chimene munthu wakhulupirira ali mwana chimauma ngati chikopa chosiyidwa padzuwa.

Malichi atakwana, chaka chija chitatha, tsiku Lachitatu dzuwa likuswa mtengo, a Keziah anavala shawelo yawo, anagwira mwana wawo padzanja, n’kutsika chitunda. Anadutsa pakati pa mudzi osathamanga, analowa m’sitolo, anagula singano imodzi. Potuluka anagwada pachipale pakhomo pa sitolo pomwepo n’kuthokoza Mulungu mokweza, misozi ili chuchuchu.

“Unandifunsa funso pamalire paja,” anatero kwa Zenas. “Kwathu ndi kuno.”

Pamsonkhano wa mwezi womwewo a Sawtell analandidwa ndodo. Mudzi unawalipitsa chindapusa cha kulephera ntchito, cholemera mwakuti anagulitsa ng’ombe zawo zolimira. Munda wamiyala ngati yathuyi popanda ng’ombe sudyetsa banja, ndipo patapita zaka zochepa anasamuka. Zonsezi Zenas sanazidziwe. Iye anangomva kuti mesenjala wachotsedwa chifukwa chopusa, ndipo anaseka.

Tsiku lina anatola chikuni kukhala ndodo, anatukula chibwano, n’kuyamba kuyenda m’nyumba akulira ngati mwana wang’ombe, kutsanzira mesenjala. A Keziah, amene anali asanamukwezerepo dzanja, anamuwomba mbama imene inamveka mpaka kwa a Hollister.

“Dzina la munthu ameneyo uzilitchula utavula chipewa.”

Sanafotokoze zambiri. Mawu akanangotuluka pakamwa pa mwana kuti mesenjala ankachita dala, a Sawtell akanaimbidwa mlandu wophwanya lumbiro. Mayiyo anasankha kuti mwana wawo akhale mbuli kusiyana n’kuti wowapulumutsa amangidwe. Zenas anangoganiza kuti wamenyedwera kuseweretsa salimo.

Kukhala mwini mudzi kunamupatsa malo pabenchi ya sukulu m’miyezi yozizira. Sikunamupatse anzake. Ana ankamutcha Wapangolo, ndipo akamayandikira ankatsina mphuno, chifukwa fungo la zikopa silichoka ndi sopo. Manja ake anali ofiirira ndi madzi a makungwa mpaka m’zigongono. Ankawabisa pansi pa desiki, koma mutu sankaubisa.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkamusowetsa mtendere. Kodi lamulo n’chiyani, kuti mawu owerengedwa pakhomo akweze munthu pangolo, ndipo mawu omwewo akapanda kuwerengedwa munthu apeze kwawo? Anaona kuti chinthu chimenechi ndi nkhwangwa, ndipo iye ndi mayi ake anakhala nthawi yonse kumbali yakuthwa. Anafuna kuchigwira kumpini.

Masiku amenewo uloya sunkaphunziridwa kusukulu. Unkapita kwa loya, kumusesera ofesi, kumukolezera moto, kumukopera zikalata, ndipo iye ankakulola kuwerenga mabuku ake. Atakula ndithu, Zenas anayenda wapansi kupita kutauni ya boma kwa loya wina wotchuka ndi pakamwa, a Ranney. Mkuluyo anamuyang’ana kuyambira kunsapato, ananunkhiza, n’kumuuza kuti ofesi yake si khola la ng’ombe zakufa.

Zenas anatuluka manyazi atamugwira mpaka m’makutu. Koma m’kanthawi kamene anaima muja anaona kanthu: mabuku a a Ranney anali osasuka, zikuto zikulendewera ngati zitseko za nyumba yabwinja. Anabwerera ku Tolbury, anasankha zikopa za ana a ng’ombe zosalala koposa, anazifufuta yekha, ndipo anakagogodanso. Ulendo uno sanapemphe kuphunzira. Anapempha kuveka mabuku aja zikuto zatsopano.

A Ranney anamuloleza kugwirira ntchitoyo pakhonde, kunja kuli mphepo. Buku lililonse linkachedwa modabwitsa kutha, chifukwa wosokayo ankayamba waliwerenga. Tsiku lina loyayo anamupezerera, singano ili pakamwa, maso ali pa tsamba. Anamufunsa funso limodzi lokhudza malire a minda, kenako lina. Anakanda mutu.

“Iwe wanunkha, koma sunapuse. Mabukuwa wawaveka bwino kunja. Lowa, tione ngati ungawavale m’kati.”

Kwa zaka zingapo anasesa, anakopera, anawerenga. A Ranney ankamulalatira tsiku ndi tsiku, koma ankamusiyira theka la nyama yawo yamchere ponamizira kuti yawakola. Pakati pa zaka zimenezo a Keziah anamwalira. Zenas analira ngati mwana, komabe pamanda paja mtima wake unali ndi chothokoza: mayi ake anaikidwa kuseri kwa tchalitchi cha Tolbury, pakati pa eni mudzi, m’dothi limene palibe akanawachotsamo.

Mayeso a uloya anali apakamwa, pamaso pa majaji. Zenas ankadziwa mayankho onse. Koma polowa m’chipindamo anaona msilikali wa khoti ataima pakhomo, ndodo yakuda ili m’manja, ndipo lilime linamukanirira. Anafunsidwa, anayasama, sipanatuluke kanthu. Jaji wina anamulangiza mwaulemu kuti dziko likufunanso nsapato zabwino.

Anabwerera kwa a Hollister, ndipo a ku Tolbury, monga mukutidziwira, sitinachedwe kunena kuti tinkadziwa kale. Apa ndi pamene ambiri amasiyira. Zenas anapala zikopa m’mawa uliwonse, koma masana ankalowa m’nyumba youmitsira ija, momwe mayi ake anabisidwa, n’kuima pamaso pa zikopa zopachikidwa. Izo ndizo zinali majaji. Anaimika chikuni chakuda pakhomo kuti maso ake azolowere. Ankaziuza milandu zikopazo mpaka mawu kusasa, a Hollister akumvetsera panja n’kumati mwanayu mutu wazungulira. Chaka chotsatira anakaimanso pamaso pa majaji enieni, ndipo ulendo uno anachita kumuuza kuti zakwana.

Khoti la masiku amenewo linkayenda pahatchi. Majaji ndi maloya ankazungulira limodzi tauni ndi tauni, m’matope ndi m’chipale, kugona awiriawiri pabedi m’nyumba za alendo. Maloya anzake ankalimbirana milandu ya minda ndi ya amalonda. Zenas ankatola imene ena ankaidumpha: ya akazi amasiye, ya asilikali akale opunduka, ya aliyense amene ngolo inali kumudikira. Malipiro ake nthawi zina anali tsekwe, nthawi zina zikomo. Lamulo la chenjezo analidziwa ngati mmene munthu amadziwira denga la nyumba yake, pamene pamadontha ndi pamene sipadontha.

Ndikamanena izi sindinena za anthu akutali. Mayi anga anali khanda lapamsana tsiku limene ngolo inaima pakhomo pa makolo awo, katundu atakwezedwa kale. Loya wa manja ofiirira anafika hatchi ili thovu kukamwa, n’kuonetsa kuti chenjezo lawo linawerengedwa kwa mlongo wa mwini nyumba, osati kwa mwini wake. Katundu anatsitsidwa. Ndinabadwira m’nyumba imeneyo, ndipo ndikamatchula dzina la Pardee ndimatchula ndi mtima wonse.

Anthu anamutuma kunyumba ya malamulo. Kumeneko analankhula motsutsa zokweza anthu pangolo, anagonja, anadzalankhulanso, anagonjanso, ndipo sanaleke. Imvi zitayamba anasankhidwa kukhala jaji wamkulu wa khoti la boma lathu. Wapangolo uja tsopano anthu ankamuimirira akamalowa.

Koma munthu salephera kukhala ndi kake. Pa maulendo a khoti aja, akadya n’kumwa mowa wa maapozi, anzake ankamupempha nthabwala yake yotchuka, ya mesenjala woimba. Jaji Pardee ankaimirira, kutola chikuni, kutukula chibwano, n’kulira ngati mwana wang’ombe, kenako n’kuvundukula mphika wa mwini nyumba kufunafuna mkazi wamasiye. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Munthu wowerenga mabuku onse aja, wodziwa kupeza bodza m’maso mwa mboni, nkhani ya pakhomo pake anali asanaiwerengebe.

Tsiku lina, masamba akuyoyoka, kunabwera mlandu wa midzi iwiri yokanirana nkhalamba. Mkazi wake anali atamwalira, ana anapita kumadzulo osamvekanso, maso anali atachita khungu. Mudzi umene ankakhala unkati si wawo, chifukwa anamuwerengera chenjezo atangofika. Mesenjala wakumeneko sankaimba. Mudzi winawo, Tolbury, unkati anachoka kalekale, si wawonso. Poyembekezera chigamulo, nkhalambayo inali itakwezedwa kale pangolo kupita uku ndi uku ngati thumba losowa mwini.

Kalaliki anawerenga dzina: Obed Sawtell.

Jaji Pardee anatukula maso. Pabenchi panali munthu wopindika msana, makutu okha ndiwo anali aakulu ngati kale. Loya woimira Tolbury, amene anaimvapo nthabwala ija kangapo, anaona mwayi wokondweretsa jaji. Ananena kuti bwana jaji akumudziwa bwino munthuyu, ndi mesenjala woimba uja, amene mudzi unamulipitsa mpaka kugulitsa ng’ombe zake n’kusamuka, chifukwa cholephera chaka chonse kupeza mayi mmodzi. M’khoti munamveka kuseka.

Za ng’ombezo jaji anali asanamvepo. Asanazimeze n’komwe, mayi wina amene ankasunga nkhalambayo masiku amenewo analankhula ali pampando, osapempha chilolezo.

“Woimba ndani? Agogo awa? Inu musatiseketse. M’tchalitchi amangogwedeza milomo ngati nsomba.”

Msilikali anagogoda pansi ndi ndodo kuti kukhale bata. Jaji anawerama pang’ono.

“A Sawtell, kodi simuimba?”

“Ayi, bwana. Mawu anga ndi khasu pamwala. Malemu akazi anga anandiletsa tisanakwatirane n’komwe.”

“Koma ine ndinakumvani ndi makutu angawa.”

Nkhalamba inatembenuzira khutu kumene kunkachokera mawu, ngati ikuyeza ngati nthawi yonenera yakwana.

“Ndinaimbapo chaka chimodzi chokha, bwana. Panali kamnyamata kena pachitunda. Makutu kanali nawo abwino, koma miyendo inali yaifupi, ndiye ndinkayambira patali. Ndimamva kuti kanakula bwino.”

Amene analipo amati jaji anagwira tsaya lake. Mbama ya mayi ake inamupeza tsiku limenelo, patapita zaka zonsezo, ndipo inawawa kuposa poyamba. Anaona mphika wa nyemba, anaona mapazi pamatope amene munthu sanafune kuwaona, anamva nyimbo ikuyambiranso pamlatho iye akukoka chikopa. Sukulu, mabuku a a Ranney, manda a mayi ake, mpando umene anakhalapowo, zonse zinali zitaima pa mawu oipa a munthu amene iye anamusandutsa choseketsa pa mowa. Manyazi anamugwira, koma chimene chinasefukira kwambiri chinali kuthokoza. Kumutu kunalibe chipewa, koma dzanja linapita lokha kukachivula.

Anaimirira n’kuuza majaji anzake awiri kuti mlandu uwu iye sangauweruze, chifukwa moyo wake wonse ndi mboni ya mbali imodzi. Anatsika pampando, anadutsa pakati pa maloya, n’kukaima pafupi ndi nkhalamba. Lamulo lomwelo, limene ankalidziwa podontha ndi posadontha, linkalola mwini nyumba aliyense kulonjeza pamaso pa khoti kuti munthu adzamusunga yekha, ndipo zikatero midzi inalibenso chokanganira.

“A kalaliki, lembani. A Obed Sawtell ali ndi kwawo. Kwawo ndi kwanga.”

Maloya awiri aja anangoyang’anana ngati agalu olandidwa fupa. Nkhalamba inafufuza ndi dzanja mpaka inagwira mkono wa jaji, n’kunena motsitsa kuti ilibe chowabwezera. Jaji anayankha kuti zimenezo zinatha kale pamlatho.

Ali m’njira, anawafunsa chifukwa chake sanabwere kudzapempha thandizo zaka zonsezo, chikhalirecho ankadziwa kumene kamnyamata kaja kanafika. A Sawtell anadabwa ndi funsolo. Anati iwo sanachitire munthu aliyense kanthu. Anatumidwa, anapita, sanawapeze, ndipo analumbira zoona zokhazokha.

Anakhala m’nyumba ya jaji zaka zawo zomaliza, m’chipinda choyang’ana kumsewu, pafupi ndi moto. Nkhani ya mesenjala woimba Jaji Pardee sanasiye kuikamba. Ankaikambabe m’nyumba za alendo zomwe zija, kwa maloya achinyamata makamaka, koma tsopano ankaikamba ataimirira, chipewa chili m’manja, ndipo palibe ankaseka.

Akamabwera kuulendo wa khoti, anansi ankadziwira patali. Jaji wamkulu wa boma lonse, munthu wolankhula motsitsa, ankati akafika pokhotera kunyumba kwake n’kuyamba salimo ija mokweza, kuti wakhungu amene ali m’nyumba adziwe kuti akubwera. Kale nyimbo imeneyo ikamveka, munthu ankatulukira khomo lakuseri. Tsopano nkhalamba inkafufuza ndodo yake n’kutulukira khomo lakumaso, kukadikira pakhonde.

“Bwana jaji,” inkatero ikumwetulira, “ndinkayesa woimba moipa m’dziko muno ndine.”

Inu amene mwaima pamalire lero, mtolo wanu uli pansi, amene mwauzidwa kuti mukununkha, amene lilime linakukanirirani pa tsiku lofunika, musagwe mphwayi. Yendani, mukaima muuma. Gogodaninso pakhomo limene anakubwezani, ndipo ngati palibe wokumverani, lankhulani ndi zikopa mpaka mawu abwere. Koma mukamakwera, musadzinamize kuti ndi miyendo yanu yokha. Penapake pali munthu amene anataya ng’ombe zake kuti inu mupeze nthawi yothawa, ndipo mwina mpaka lero mumamuyesa chitsiru. Mufunefuneni akadali moyo, mumuvulire chipewa.

Ndipo tsiku limene ndodo yakuda idzakhale m’manja mwanu, mutatumidwa kukagogoda pakhomo pa wosauka, musadandaule kuti mulibe mawu abwino. Yambirani patali, ndipo imbani mokweza.